Kodi bungwe la madokotala a maso limamuchitira chiyani mwana wanga?

Mayi wina wa ku Kasungu walemba kuti: "Adokotala, mwana wanga wamkazi anamaliza kale udokotala, pano akuphunzira za maso ku Blantyre. Chaka chilichonse amadula ndalama pa kamalipiro kake n'kupereka ku bungwe lina la madokotala a maso. Chaka chino akusunganso ya ndege yopitira ku msonkhano wa bungwelo kunja, ndiye akuti kutsogoloku kulinso mayeso a bungwe lomwelo. Ine ndikuona ngati akungotaya ndalama pomwe azing'ono ake akufunika fizi. Bungwe limeneli limamuthandiza chiyani? Nanga ulemu umene akuti amapatsana kumenekowo ndi wotani?"

Mayi, poyamba landirani ulemu wanga chifukwa mwalera dokotala wa maso. Dziko lathu lili ndi anthu oposa 20 miliyoni, ndipo muyeso umene akatswiri a zaumoyo anaikira maiko a kuno ku Africa ndi wakuti pa anthu 1 miliyoni aliwonse pazikhala madokotala a maso anayi. Mukawerengera, tikufunika anthu osachepera 80. Amene tilipo ndife ochepa kwambiri, moti timadziwana mayina tonse. Kuchepa kumeneku mukusunge m'maganizo pamene mukuwerenga, chifukwa ndi kumene kumapangitsa kuti bungwe likhale chinthu chofunika kwa mwana wanu kuposa mmene lingafunikire kwa dokotala wa ku London amene ali ndi anzake khumi pakhonde limodzi.

Ndalama imene akuperekayo sidzabwerera ngati ndalama. Si banki m'khonde yoti pakutha pa chaka mugawane. Ngati mumapita ku Mvano kapena ku Chigwirizano, mukuchidziwa chopereka chimene mayi amaponya mwezi ndi mwezi osayembekezera kudzachitenganso, koma tsiku limene pakhomo pake pagwa zovuta amaona anzake akulowa ndi nkhuni ndi ufa pamutu. Bungwe la madokotala lili pafupi ndi zimenezo. Kungoti nkhuni zake ndi nzeru, ndipo amene amaotha motowo ndi odwala a mwana wanu.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amaziphatikiza. Medical Council of Malawi inakhazikitsidwa ndi lamulo la dziko. Ndi imene imalemba dokotala m'kaundula, imamupatsa chilolezo chogwira ntchito, ndipo ikhoza kumulanda chilolezocho akalakwa. Kumeneko palibe kusankha. Bungwe limene mukufunsali ndi la madokotala eni ake: analiyambitsa okha, amasankhana okha atsogoleri, amaliyendetsa ndi zopereka zawo komanso thandizo la abwenzi. Sililemba munthu ntchito ndipo silikweza malipiro. Awiriwa amakumana pa chinthu chimodzi. A Medical Council amafuna kuti dokotala azionetsa kuti akupitiriza kuphunzira asanamuwonjezere chilolezo, timati CPD, ndipo mapointi ambiri a CPD timawatola ku misonkhano ndi maphunziro a mabungwe ngati amenewa.

Kwa munthu amene akuphunzira za maso kuno kwathu, bungwe lalikulu ndi College of Ophthalmology of Eastern, Central and Southern Africa. Timangoti COECSA. Linabadwa mu 2012 pamene mabungwe awiri akale anaphatikizana. Lina linali Ophthalmological Society of Eastern Africa, lomwe linkasonkhanitsa madokotala chaka ndi chaka, lina linali Eastern Africa College of Ophthalmologists, lomwe linkaona za maphunziro ndi mayeso. Likulu lake lili ku Nairobi, ndipo muli madokotala a ku Kenya, Uganda, Tanzania, Rwanda, Ethiopia, Zambia, Malawi ndi maiko ena a chigawo chino. Chimene chinatisonkhanitsa n'chosavuta kumva. Diso ndi laling'ono, koma ntchito yake inagawikana kwambiri. Wina amazama pa maso a ana, wina pa glaucoma, matenda owononga mtsempha wa diso, wina pa retina, kansalu ka kumbuyo kwa diso kamene kamalandira kuwala, wina pa zikope ndi zotupa. Dziko ngati lathu palokha silingakhale ndi aphunzitsi okwanira pa chigawo chilichonse, koma maiko angapo akasonkha anthu awo, aphunzitsi amapezeka.

Za mayeso ndikumvetsa kuti zikukudabwitsani, poti mwana analemba kale mayeso ambirimbiri. Akamaliza zaka zake ku Kamuzu University of Health Sciences adzalandira digiri ya ukatswiri ya MMed, ndipo imeneyo ndi yokwanira kuti agwire ntchito ngati katswiri wa maso m'dziko muno. Mayeso a COECSA ndi apadera. Ambiri mwa omuyesa amachokera maiko ena, sanamuphunzitse, ndipo alibe naye chifundo cha mphunzitsi kapena kampeni kumphasa. Amamuyendetsa chipinda ndi chipinda, amayang'ana mmene akupimira diso, mmene akuganizira akaona vuto, mmene akulankhulira ndi wodwala, kenako amamukhazika pansi n'kumufunsa pakamwa. Akakhoza amakhala fellow, kutanthauza katswiri wovomerezedwa ndi koleji ya COECSA, ndipo kumapeto kwa dzina lake amalemba zilembo zakuti FCOphth ECSA. Tanthauzo lake ndi lakuti dokotala wa ku Blantyre ndi wa ku Kampala ayezedwa pa sikelo imodzi. Pokonza mayesowa ndi pophunzitsa oyesa, koleji yathu yakhala ikuyendera limodzi ndi Royal College of Ophthalmologists ya ku London, pa ubale umene unayamba mu 2008, mabungwe awiri aja asanaphatikizane. Palinso mayeso olemba a International Council of Ophthalmology, bungwe limene mizu yake ili pa msonkhano wa ku Brussels wa 1857, amene ophunzira ambiri amalemba ali m'kati mwa maphunziro kuti adziyerekeze ndi anzawo a dziko lonse.

Zilembo sizichotsa ng'ala, zimenezo n'zoona. Koma tsiku limene mwana wanu adzafune kukazama pa maso a ana kapena pa retina, n'kulembera ku zipatala zophunzitsa ngati Aravind ku Madurai kapena LV Prasad ku Hyderabad m'dziko la India, anthu a kumeneko sadzamuona nkhope. Adzaona pepala. Zilembo zimenezi, pamodzi ndi kalata ya dokotala wamkulu amene anamudziwira ku bungwe, ndi zimene zimamulankhulira kumene iye sangafike.

Tsopano ndifike pa msonkhano, poti ndi umene ukudya ndalama yambiri. Umachitika kamodzi pachaka ndipo umazungulira maiko: wachitikapo ku Kigali, ku Livingstone, ku Arusha, ku Addis Ababa. Kwa masiku ochepa anthu amaimirira mmodzimmodzi kufotokoza zimene apeza pa ntchito yawo. Ena amapachika kafukufuku wawo pakhoma pa chipepala chachikulu, timati poster, n'kuima pambali kuyankha mafunso. Pamakhala zipinda zophunzirira manja, kumene wophunzira amadula ndi kusoka maso a nyama kapena maso ochita kupanga pansi pa maikulosikopu, mphunzitsi ali pambali pake, kuti kulakwa kwake koyamba kusachitikire pa diso la agogo a munthu. Makampani amabwera ndi makina awo. Zonsezi n'zabwino. Koma chimene ndinapindula nacho kwambiri ine chinachitikira pa nthawi ya tiyi, ndipo ndikuuzani mmene chinadzandipulumutsira.

Zaka zapitazo ndinali ndekha dokotala wa maso pa chipatala china. Tinachita maopaleshoni a ng'ala sabata ina, zonse zinaoneka kuti zayenda bwino, anthu anapita kwawo akuona. Patapita masiku ochepa, mmodzi anabwera diso lili psuu, likupweteka, mafinya ali m'kati. Mawa lake anabwera wina, kenako wina. Matenda amenewa timawatcha endophthalmitis, ndipo palibe chimene dokotala wa maso amachiopa kuposa chimenechi, chifukwa diso likhoza kufa m'masiku owerengeka. Zimene mabuku amanena ndinkazidziwa. Chimene ndinalibe ndi munthu woti andithandize kuganiza mtima uli m'mwamba. Ndinaimbira foni dokotala wa dziko lina amene tinadziwana pa mzere wa tiyi ku msonkhano, tinangopatsana manambala basi. Sanandifunse kuti walakwa ndani. Anandiuza kuti nditseke fiyeta tsiku lomwelo, ndibaye mankhwala a vancomycin ndi ceftazidime m'kati mwa maso odwalawo osadikira mawa, ndiitanitse onse amene ndinawachita opaleshoni sabata imeneyo, ndichotse pa shelefu madzi onse ndi mankhwala onse amene tinagwiritsa ntchito, ndiyang'anenso makina ophera tizilombo pa zida. Kenako anandiuza kuti zinamuchitikirapo iyenso. Mawu amenewo ndi amene anandilola kugona usiku umenewo.

Maso ena tinawapulumutsa. Limodzi silinaonenso, ndipo nkhope ya bambo ameneyo ndimaikumbukira mpaka lero. Chaka chotsatira ndinakaimirira pamaso pa anzanga n'kufotokoza zonse mmene zinayendera, osabisa. Sizinali zophweka. Nditatsika, anthu angapo anandipeza panja kudzandifunsa mwatsatanetsatane zimene tinasintha ku fiyeta kwathu, chifukwa ankafuna kukasintha kwawo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma dokotala amene ali yekha pa boma la kutali amatha kudya phula osati chifukwa cha kunyada, koma chifukwa palibe womufunsa. Mwana wanu akamaliza maphunziro akhoza kutumizidwa kumene adzakhale yekha chonchi. Manambala a foni amene akutolera panopa ndi amene adzamuyankhe pakati pa usiku.

Mabungwe amasunganso nzeru zolembedwa. American Academy of Ophthalmology, bungwe la ku America limene linayamba mu 1896 ndipo lili ndi mamembala pafupifupi 32,000, limasindikiza mabuku 13 amene ophunzira za maso pafupifupi dziko lonse amawerenga, ndipo ndikhulupirira kuti mwana wanu ali nawo m'kompyuta mwake. COECSA ili ndi magazini yakeyake ya kafukufuku, JOECSA, ndipo imeneyi ndimaikonda pa chifukwa chapadera. Matenda athu si onse amene ali ofala kwa anzathu olemba mabuku aja. Khansa ya pamwamba pa diso, imene imayamba ngati kachotupa koyera pambali pa kadiso kakuda ndipo imakonda anthu amene ali ndi HIV komanso okhalitsa padzuwa, kuno timaiona kawirikawiri, pomwe dokotala wa ku Ulaya amaiona mwa apo ndi apo. Tikapanda kulemba ife zimene tikuona, palibe adzatilembere.

Ndipo zolemba zochokera kuno zimamveka kutali. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pa chipatala cha Gulupu pomwe mwana wanu akuphunzirapo, dokotala wa maso Susan Lewallen pamodzi ndi Terrie Taylor, Malcolm Molyneux ndi anzawo anayamba kuyang'ana m'kati mwa maso a ana okomoka ndi malungo. Anapeza kuti malungo a mu ubongo amasiya zizindikiro zake pa retina. Zimene anapezazo zinatuluka mu 1993 m'magazini ya bungwe la ku America lija, yotchedwa Ophthalmology, ndipo lero madokotala m'maiko ambiri amayang'ana m'diso pofuna kudziwa ngati mwana wakomokadi ndi malungo kapena ndi matenda ena. Popanda magazini ndi misonkhano, nzeru imeneyo ikanatsalira mu wodi imodzi ya ku Blantyre.

Mwafunsanso za ulemu. Ulemu woyamba ndi umene ndatchula kale, kulandiridwa ngati fellow. Wachiwiri ndi waung'ono koma umasintha munthu: m'misonkhano yambiri ya mabungwewa mumakhala mphoto ya wophunzira amene wafotokoza bwino kafukufuku wake. Kawirikawiri ndi satifiketi chabe, mwina ndi buku. Koma mtsikana amene anabwera akunjenjemera, akamva dzina lake likuitanidwa pamaso pa maprofesa a maiko ambiri, amabwerera kwawo akudziwa kuti mawu ake ali ndi malo. Ndawaona ana otere akukula n'kukhala aphunzitsi.

Njira imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya bungwe la ku America. Iwo amawerenga mapointi. Ukaphunzitsa pa msonkhano wawo, ukafotokoza kafukufuku, ukatumikira mu komiti, umalandira pointi, koma sungapitirire mapointi atatu pa chaka ngakhale utagwira ntchito yotani. Ukafika 10 amakupatsa Achievement Award, ukafika 30 Senior Achievement Award, ukafika 60 Life Achievement Honor Award. Werengani nokha, Mayi: kuti munthu afike 60 ayenera kutumikira zaka zosachepera 20. Palibe chidule. Munthu wa ndalama kapena wa pakamwa pokoma sangaupeze ulemu umenewu chaka chimodzi. Ndipo chimene amawerenga si odwala amene analipira ku chipatala chako, koma zimene unapereka kwa anzako ulele. Pamwamba pa zonsezi ali ndi Laureate Award ya anthu amene anasintha ntchito yonse. Mmodzi mwa oyamba kuilandira mu 2003 anali Charles Kelman, amene mu 1967 anabweretsa njira yophwanya ng'ala ndi makina n'kuiyamwa kudzera pa kabala kakang'ono. Alinso ndi mphoto ya olimbana ndi khungu m'maiko osauka.

Ku Britain ulemu waukulu ndi kuitanidwa kudzakamba pa dzina la munthu wakale. Bowman Lecture imakumbutsa William Bowman, pulezidenti woyamba wa bungwe lawo la 1880, limene pambuyo pake linaphatikizana ndi lina mu 1988 n'kukhala koleji imene lero ndi Royal College of Ophthalmologists ija. Pa dziko lonse, mendulo yolemekezeka kwambiri ndi Gonin Medal, imene imaperekedwa kamodzi pa zaka zinayi kuyambira 1941. Jules Gonin anali dokotala wa ku Lausanne m'dziko la Switzerland amene anaonetsa kuti retina imamatuka chifukwa cha kabowo, ndipo ukatseka kabowoko munthu akhoza kuonanso. Iye asanatero, retina ikamatuka munthu ankangouzidwa kuti basi. Anzake anatenga zaka kuti amukhulupirire, mpaka pa msonkhano wa ku Amsterdam wa 1929. Mukaona mayina amenewa pa mamendulo, dziwani kuti ndi njira yathu yosungira mbiri ya makolo a ntchitoyi, monga mmene mumapatsira mdzukulu dzina la agogo ake.

Sindikufuna kuti muganize kuti mabungwewa salakwa. Amalakwa, ndipo nthawi zina molapitsa. Kagalasi kapulasitiki kamene timaika m'diso tikachotsa ng'ala, kamene kamapangitsa agogo kuona popanda mandala okhuthala ngati pansi pa botolo, anakayambitsa ndi Harold Ridley pa chipatala cha St Thomas' ku London mu 1949. Iye anaona kuti oyendetsa ndege za nkhondo amene tizidutswa ta pulasitiki ya pa zenera la ndege tinawalowa m'maso, maso awo sanatikane tizidutswato. Atafotokoza zimenezi kwa anzake ku Oxford mu 1951, akuluakulu ambiri a ntchitoyi anamukana, ndipo ena mwa iwo anali atsogoleri a mabungwe omwewa. Zifukwa zina zinali zomveka, chifukwa timagalasi toyambirira tinkavuta ndipo maso ena anawonongeka, koma kumusala kunapitirira muyeso. Mu 1966 iye ndi Peter Choyce anayambitsa kabungwe kawokawo ka anthu okhulupirira njirayi. Ulemu unabwera mochedwa: Royal Society, bungwe la akatswiri a sayansi ku Britain, inamulandira mu 1986, ndipo Mfumukazi Elizabeth inamupatsa udindo wa Sir mu 2000 ali ndi zaka 93. Anamwalira chaka chotsatira. Nkhani imeneyi ndimaikamba kwa wophunzira aliyense, kuti tsiku limene adzakhale pa mpando woweruza ntchito ya mnzake wachinyamata adzaikumbukire.

Ndili ndi dandaulo langanso, ndipo ndimalinena poyera m'misonkhano. Mphoto zathu zimaona msanga munthu amene amalemba ndi kulankhula pa nsanja. Zimachedwa kuona munthu amene wakhala zaka 15 pa chipatala cha boma cha kumudzi akuchotsa ng'ala sabata ndi sabata, magetsi akuzimazima, alibe nthawi kapena intaneti yolembera kafukufuku. Mu 2022 World Health Organization inavomereza kuti Malawi wathetsa trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu ambiri. Trachoma ndi matenda aja amene amapinda chikope kuti nsidze zizikanda diso mpaka munthu achite khungu. Amene anayenda midzi kufufuza odwala, kugawa mankhwala ndi kuwongola zikope zimenezo ambiri anali ma clinical officer a maso, anamwino ndi alangizi a zaumoyo. Mayina awo sali pa mendulo iliyonse. Ndimafunanso kuti mwana wanu adziwe dzina la malemu Moses Chirambo, Mmalawi woyamba kukhala katswiri wa maso, amene anaphunzitsa ma clinical officer a maso ku Lilongwe, a kuno ndi a maiko oyandikana nafe, ndipo pambuyo pake anakhala nduna ya zaumoyo. Ntchito yambiri ya maso m'maboma athu ikuyenda pa msewu umene iye analambula. Bungwe labwino liyenera kukhala ndi maso oona anthu otere akadali moyo, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha anthu ngati mwana wanu, amene akudziwa kumene anachokera, akalowa m'makomiti n'kumatchula mayinawo. Ndi chifukwa china chimene ndimafunira kuti Amalawi tisamasowe m'mabungwewa. Mpando wopanda munthu sutchula dzina la aliyense.

Pali thandizo lina limene silioneka pa satifiketi. Bungwe limalankhula ndi maboma pa zinthu zimene dokotala mmodzi sangamveke nazo, monga kusowa kwa mankhwala a glaucoma kapena kufunika kopima maso a anthu a shuga asanayambe kuona mwachimbuuzi. Limalemba ndondomeko zochizira matenda kuti wodwala wa ku Mzuzu ndi wa ku Zomba alandire chithandizo chofanana. Ku America, kumene madokotala amasumiridwa kawirikawiri, mamembala a bungwe lawo anafika poyambitsa kampani yawoyawo ya inshuwalansi mu 1987. Ndipo poti wanuyo ndi mwana wamkazi, pali chinthu china. Adzakumana ndi amayi amene anadutsa kale njira imeneyi, amene anachita maopaleshoni ali ndi pakati, anayamwitsa ali pa mayeso, anatsogolera amuna amene poyamba sankafuna kuwamvera. Malangizo amene amayi amenewa amapatsana sali m'buku lililonse mwa 13 aja.

Tibwerere ku fizi ya azing'ono ake, chifukwa imeneyo si nkhani yochepa ndipo sindikufuna kuipeputsa. Maganizo anga ndi awa. Ndalama ya umembala asaisiye. Ophunzira amalipira yochepera poyerekeza ndi ya akuluakulu, ndipo ndi imene imamusunga m'gulu. Ya mayeso asungire pang'onopang'ono kuyambira pano, chifukwa tsiku lake silidzadikira. Safunika kulowa mabungwe onse a padziko, la chigawo chathu likukwanira pakadali pano, ndipo zambiri za mabungwe akunja amazipeza pa intaneti. Pa ndege ndi pamene pali mpata wokambirana. Sikuti ayenera kupita chaka chilichonse, ndipo ine wophunzira wanga ndimamuuza kuti asapite chimanjamanja. Atumize kafukufuku wake, ngakhale waung'ono, wa odwala amene wawaona yekha mu wodi. Munthu amene ntchito yake yalandiridwa kuti akaifotokoze savutika kwambiri kupeza womulipirira ulendo, kaya ku dipatimenti yake kaya ku mabungwe amene amathandiza ntchito za maso m'chigawo chino monga Sightsavers, CBM ndi Orbis. Afunse aphunzitsi ake msanga, miyezi ingapo msonkhano usanafike, osati kutatsala sabata. Ngati chaka chino palibe womulipirira ndipo fizi ikusowadi, akhoza kudikira chaka chamawa osataya kanthu kakakulu.

Mukamuimbira foni, mufunseni kuti akukonza zokakamba chiyani kumeneko, ndipo mumuuze akufotokozereni m'Chichewa. Mudzamva nokha ngati ndalamayo ikugwira ntchito, komanso mudzakhala mwamuthandiza, chifukwa dokotala amene angathe kufotokozera mayi ake za retina angathenso kufotokozera wodwala wamantha amene wakhala kutsogolo kwake.

Pali ulendo umodzi umene ndikukupemphani kuti musadzaukane. Chaka chimene adzakhoze mayeso a koleji, pa msonkhano padzakhala mwambo wolandira ma fellow atsopano, atavala mikanjo, mayina awo akuitanidwa limodzilimodzi pamodzi ndi maiko awo. Chaka chimenecho ya ndege idzapezeke ndithu, ndipo ngati kungatheke, matikiti adzakhale awiri.